Basi za Kuno Sazigogoda Denga

Ndikamanena kuti mwamuna ndinamupeza chifukwa cha umbuli, anthu amaganiza kuti ndikucheza. Sindikucheza. Ndinali nditangofika kumene m'dziko la eni lino, nditaitanidwa ndi achimwene anga amene anakhazikika kuno kalekale. Iwo ndi amene anandipezera ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Anandipatsa chipinda chakumbuyo m'nyumba mwawo, jekete lolemera ngati bulangete lonyowa, ndi kakhadi kokwerera basi. Anandiuza nambala ya basi, anandionetsa pokwerera, koma za katsikidwe sananene, ine sindinafunsenso. Paja safunsa anadya phula.

Tsiku loyamba popita sindinavutike, chifukwa kuntchito kwanga ndi kumene basi imathera ulendo, aliyense amatsika. Pobwerera ndi pamene zinandionekera. M'basimo munali zii. Munalibe kondakitala, munalibe wokuuza kuti sunthani pang'ono asisi, munalibe mayi wokutula mwana wake pamiyendo osakupempha. Aliyense maso pafoni. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pamipando yokwera ija, ndipo nditaona geti lathu lobiriwira likudutsa pawindo, ndinadzambatuka n'kumenya denga ndi chikhatho. Pha! Pha! Pha!

"Ndatsika! Adalaivala, ndatsikatu ine!"

Abale, maso amene anandiyang'ana! Agogo ena anakumbatira chikwama chawo. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Koma basi inachepetsa liwiro, inaima, chitseko chinatseguka, ndipo kutsogolo kunachokera mawu a munthu wamwamuna, m'chinenero chathu chenicheni:

"Tsikani bwino, achemwali. Musaiwale nkhuku zanu pansi pa mpando."

Ndinatsika ndikuseka, koma pofika pageti ndinapeza kuti ndikulira. Chifikireni, palibe munthu wapanjira amene anali atandisekapo mwa kwathu.

*

Tsiku lotsatira nditaweruka ndinapeza basi yomweyo itaima pamapeto paja, injini itazima, dalaivala akumwa tiyi wa m'fulasiki. Anali wamtali, wa mpata m'mano, yunifolomu yositidwa bwino.

"A Ndatsika afika," anatero. "Bwerani ndikuonetseni chinthu, musadzaphwanye basi ya eni."

Anandilozera kabatani kofiira pachitsulo chogwirira. "Mukadina apa, belu limalira kwa ine. Koma basi imaima pasiteji pokha. Siteji yanu ili kupitirira geti lanu, kuseri kwa mlatho. Mumatsika kumeneko n'kubwerera wapansi."

"Nanga dzulo munaimiranji?"

"Phazi linaponda lokha buleki. Ine ntchito ndinayambira pachitseko cha minibasi, achemwali. Ndinali kondakitala, mutu panja, mvula ndi dzuwa. Munthu akagogoda denga, thupi langa limamva msanga kuposa mutu."

"Ndiye ndinu amene munkatipanikiza ngati matumba inu!"

"Ndipo munkafika! Kuno aliyense ali ndi mpando wakewake, koma mwaonapo wina akuseka?"

Kuyambira tsikulo sindinkachedwanso poweruka. Basi imapumira pamapeto paja isananyamuke, ndipo nthawi imeneyo inasanduka yathu. Ankanditsanulira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki, tinkakhala pampando wakutsogolo, n'kumapita kwathu ndi pakamwa. Tinkakumbutsana za minibasi yofuna kukankha, amuna onse atsike, wina wa suti akunamizira kuyankha foni. Za dalaivala wokhotera kunyumba kwake kukasiya katundu, anthu muli m'kati, n'kubwerako akutafuna. Za ndewu ya mpira yoyambira kudepoti, yokathera anthu atapatsana manambala. Zinthu zimene kwathu zinkandipsetsa mtima mpaka kutukwana, kuno ndinkazilakalaka ngati madzi.

Tsiku lina kukuzizira koopsa, m'basi mulibe munthu, anayang'ana uku ndi uku, anatsegula chitseko, anakolowekera mkono pachitsulo n'kutulutsa mutu panja.

"Yotsala malo amodzi! Tiyeni amayi, yonyamuka iyi! Malo amodzi okha!"

Panja panali mitengo yopanda masamba ndi benchi yonyowa basi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Malo amodziwo ndi a ndani?" ndinafunsa.

Anabweza mutu, sanasekenso. "Ndakhala ndikusungira munthu. Kaya akwera, kaya ayi."

Ndinabisa kumwetulira kwanga m'chivindikiro cha tiyi, koma iye anaona. Ndinamukonda munthu ameneyu, ndisabise.

Za kabatani kofiira ndinaphunzira, koma sindinkakadina. Tikamayandikira geti lobiriwira ndinkangogogoda chitsulo ndi mphete yanga, pang'onopang'ono, ndipo basi inkaima kanthawi kochepa, ine n'kudumpha. Ndinamufunsa tsiku lina ngati sizingamuike m'mavuto.

"Lamulo ndi lolimba," anavomera. "Ndipo mapepala anga okhalira kuno amangiriridwa pantchito imeneyi. Ikatha, nanenso ndatha. Koma makamera a m'basi sawaonera pokhapokha munthu akapita kuofesi kukanena. Ndiye ndikusiye uziwoloka mlatho uja mu chisanu chimenechi? Ayi."

Ndinayenera kukana. Koma munthu ukakhala kwa eni, wina n'kukupangira siteji yakoyako, mtima sulola.

*

Woyamba kudziwa anali alamu anga, akazi a achimwene. Windo lakukhitchini limayang'ana kugeti, ndipo alamu saphonya kanthu. Ndi munthu wa mtima wabwino kwambiri, woti akakupatsa madzi akumwa amakupepesanso kuti achedwa.

"Alamu," anandinong'oneza tikutsuka mbale, "basi imene ija imaima pakhomo pathu ngati ya sukulu, ili ndi nkhani yanji?"

Ndinawauza zonse. Anaomba m'manja, thovu la sopo kuwaza paliponse, kenako nkhope inagwa.

"Koma achimwene anu."

Sanafunike kumaliza. Achimwene ndi munthu wa tayi. Anavutika kuti afike pamene ali, ndipo za fumbi lakwathu safuna n'kuzimva. Madzulo omwewo patebulo, osadziwa kanthu, anayamba nyimbo yawo ya masiku onse.

"Mlongo wanga, kuno usamangoseka ndi aliyense poti walankhula chinenero chathu. Ena anali oitanira basi kudepoti, lero avala yunifolomu akuoneka anthu. Sindinakukweze ndege kuti udzabwerere pomwe ndinakutola. Ukadzafuna banja, udzandiuze, anzanga ophunzira alipo."

"Ndamva, achimwene," ndinatero, maso m'mbale.

Titabwerera kukhitchini alamu anandigwira dzanja. "Musadandaule. Amuna angawa ndimawadziwa, amagonjera udindo. Mnyamatayo atangokwezedwa, kukhala kapitawo wa madalaivala, wa ofesi yakeyake, mungaone okha akumukokera mpando. Zisiyeni m'manja mwanga."

Ndinaganiza kuti akunena za mapemphero.

*

Wachiwiri kudziwa anali Zikhadabo, mkazi wina wakwathu. Dzinali tinamupatsa chifukwa cha zikhadabo zake zoikirira, zazitali ngati za mphamba. Amaluka tsitsi pabalaza pake, ndipo akazi onse akwathu a m'dera lino amapita kumeneko, ena kukalukitsa, ambiri kukamva nkhani. Aliyense ankadziwa kuti iyeyu anawaika pamtima Adalaivala anga aja kalekale. Ankawatumizira chakudya m'makontena, iwo n'kumabweza makontenawo atatsuka, popanda mawu ena.

Tsiku lina ndinamupeza atakhala pampando wanga wakutsogolo, mafuta onunkhira atadzaza basi yonse.

"Ee, asisi a kwa okalamba," anatero. "Tsitsi limeneli simukulimvera chisoni? Mubwere ndidzakukonzeni, mwina mungaoneke."

"Zikomo, amene amandiona sanadandaule."

Ndinakakhala kumbuyo. Tikuyandikira kwathu ndinaganiza zodina batani ngati munthu aliyense, koma satana wa nsanje anandinong'oneza. Ndinagogoda chitsulo, mokweza kuposa masiku onse. Basi inaima pageti. Ndikutsika ndinamva mawu ake kumbuyo kwanga:

"Kodi! Ena ali ndi siteji yawoyawo? Koma ziliko. Eni basi akudziwa zimenezi?"

Ndinamuyang'ana pawindo n'kumubayibitsa ndi zala ziwiri. Ndinagona mokondwa tsiku limenelo, chitsiru ine.

*

Sabata yotsatira nditaweruka ndinapeza pachiwongolero pali mayi wina wa imvi, wa kuno konkuno. Ndinaganiza kuti mwina asinthana. Ndili m'njira foni inanjenjemera, uthenga wa Adalaivala.

"Andiimitsa ntchito. Munthu wina anapita kuofesi kukanena za pageti. Aonera makamera, aona zonse. Andiitana Lachisanu kuti akagamule. Usadandaule."

Usadandaule! Magazi anandithamangira kumutu. Sindinatsikire kwathu. Ndinapitirira mpaka kwa Zikhadabo, ndinakwera masitepe awiriawiri, ndinakankha chitseko osaodira. Munali akazi anayi, wina mutu uli theka, tsitsi loikirira la mesh lili mbwee pansi.

"Wakhuta tsopano?" ndinakuwa. "Mwamuna wakukana, ndiye wati aliyense asamupeze? Munthu wakwanu, kukamuneneza kwa eni dziko! Ulibe manyazi?"

Zikhadabo anaima, chipeso chili m'manja. "Ukunena chiyani iwe?"

"Usanamizire! Makontena ako ankabwerera opanda kanthu, wati ubwezere pamenepa. Ngakhale utaika zikhadabo zofika kumapazi, sadzakuyang'ana!"

Akazi aja anati kukamwa yasa. Wina anali atayamba kale kulemba pafoni. Zikhadabo anaika chipeso pansi mwaulemu, ndipo mawu ake anatsika, zimene zinandiopsa kuposa akanakuwa.

"Ine kuofesi ya mabasi sindikudziwa n'komwe kumene ili. Ndili ndi pakamwa, inde, koma mbale ya munthu sindiitaya. Wanditukwana pamaso pa makasitomala anga, m'nyumba mwanga. Chabwino. Moni kwa achimwene ako."

Ndinatuluka ndikudzimva ngwazi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinasiya mlomo wonse pabalaza paja.

*

Kunyumba ndinapeza alamu akuimba kukhitchini, achimwene asanabwere. Atangondiona anathamanga kudzandikumbatira.

"Alamu, ndakhala ndikudziletsa, koma sindingathenso. Mwamva chilichonse kwa bambo aja? Sanawaitane mabwana?"

Ndinawayang'ana. "Mwadziwa bwanji?"

"Eya! Ndinadziwa ine kuti zitheka!" Anavina pang'ono ndi chipande m'manja. "Ndinapitatu, alamu. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi, ndinagula keke, ndinakwera basi ziwiri mpaka kuofesi kwawo. Ndinati ndikufuna wamkulu weniweni. Ndinamuuza kuti muli ndi dalaivala wagolide pano, musamutaye. Tsiku lililonse amaimitsa basi pageti pathu penipeni kuti mlamu wanga asayende mu chisanu. Munthu wotere ndi woyenera kumukweza. Bwanayo anachita chidwi kwambiri, alamu. Anafunsa nambala ya basi, anafunsa msewu, anafunsa kuti zakhala zikuchitika kuyambira liti. Ndinamuuza zonse, sindinasiye kanthu."

Ndinakhala pampando, jekete ndisanavule.

"Nanga keke analandira?" Sindikudziwa chifukwa chake ndinafunsa zimenezo.

"Anakana, akuti saloledwa. Anthu a kuno! Kwathu munthu akakuchitira zabwino umakathokoza kwa akuluakulu ake, ndiye ulemu. Alamu, bwanji nkhope imeneyo?"

Ndinawapatsa foni. Anawerenga, anawerenganso, chipande chinagwa pansi.

"Mayo ine," ananong'ona. "Mayo, ndapha mwana wa eni."

Ndinkafuna kukalipa, koma ukalipira bwanji munthu amene wakwera basi ziwiri ndi keke pamiyendo chifukwa cha iwe? Tinakhala pansi pakhitchini, tonse awiri tikulira. Kenako ndinakumbukira kuti Zikhadabo ndinamutukwana wosalakwa.

*

Mawa lake nditaweruka ndinapeza dalaivala wanga uja pabenchi ya pamapeto paja. Kanali koyamba kumuona wopanda yunifolomu. Anavala chipewa chaubweya ndi jekete lakale, ndipo ankaoneka ngati munthu wina aliyense wodikira basi. Fulasiki anabwera nayo.

Nditamuuza za alamu ndi keke, anaseka mpaka kutsokomola.

"Keke! Ayi, alamu ako ndi munthu. Kwathu akanandikweza zoona, mwinanso akanandipatsa minibasi yatsopano." Anapukuta m'maso. "Usawakwiyire. Amene ankaponda buleki ndine."

"Amene ankagogoda ndine."

"Ndiye tonse ndife mbuli."

Basi inabwera, inatsitsa anthu, inazima. Tinaiyang'ana ngati nyumba imene tinasamukamo.

"Lachisanu akakuuzani chiyani?" ndinafunsa.

"Akhoza kundichenjeza. Koma wa bungwe lathu la ogwira ntchito wandiuza kuti ndisadalire. Sikamodzi, ndipo msewu uja ndi wodutsa magalimoto ambiri. Akandichotsa, mapepala atha. Ndibwerera."

Mawu amenewo, ndibwerera, ndinkawanena ine tsiku lililonse chifikireni. Ndinkawanena pochotsa chipale chofewa pansapato, ndinkawanena m'basi yopanda phokoso. Lero atatuluka pakamwa pake anandilasa ngati minga.

"Sindikuopa kwathu," anapitiriza, akuyang'ana manja ake. "Ndimakulota. Ndimalota ndikuyendetsa mawindo ali otsegula, fumbi likulowa, wina kumbuyo akunditukwana kuti ndathamanga. Ntchito sindingaisowe. Chimene ndikuopa n'chimodzi." Anatembenuka. "Ndatsika, ine sindidziwa kuzungulira. Ndikabwerera, ubwerera nane?"

M'maganizo mwanga munabwera zithunzi. Ndinaona amayi atakhala pakhonde, mankhwala awo amene ntchito yanga ya kuno imagula. Ndinaona achimwene pabwalo la ndege tsiku lija, atanyamula jekete, akumwetulira ngati mwana. Ndinaonanso minibasi yodzadza, wailesi ili pamwamba, ine ndili pampando wakutsogolo pafupi ndi munthu uyu. Zonse ndinkazifuna, ndipo sizikanakwana m'dzanja limodzi.

"Usayankhe pano," anatero. "Koma ndisanalowe muofesi muja ndikufuna ndidziwe. Ngati yankho ndi ayi, ndikagwada, ndikapempha, mwina angandimvere chisoni. Ngati ndi inde, kaya agamule zotani, ine ndikatuluka ndikuimba mluzu."

Mayi wa imvi uja analiza injini. Adalaivala anandiperekeza mpaka pachitseko, ndipo mwachizolowezi anamenya kambali ka basi kawiri ndi chikhatho, ngati kondakitala wouza dalaivala kuti yadzadza, tiyeni. Mayiyo anamuyang'ana moipidwa n'kutseka chitseko.

*

Ndinakhala kumbuyo, pamipando yokwera ija, pamene ndinakhala tsiku loyamba. M'basi munali zii monga mwa masiku onse. Tili pakati pa ulendo foni inanjenjemera. Anali alamu.

"Zikhadabo wawaimbira achimwene anu kuntchito. Wawauza zonse, za kondakitala, za pageti, za kutukwana. Abwera msanga. Alowa kuchipinda kwanu. Sakundimvera."

Ndisanayankhe, unalowa wina, wa Adalaivala: "Malo amodzi aja akadalipo."

Tinakhota pakona ya msewu wathu. Geti lobiriwira linali lotsegula. Achimwene anaima pakati pake, tayi ili pakhosi, manja atapinda pachifuwa. Pambali pawo, pa simenti yonyowa, panali sutikesi yanga yofiirira, yomwe ija ndinabwera nayo, ya lamba womangira chifukwa zipi inafa. Pamwamba pake anaikapo nsapato zanga za kutchalitchi. Kumbuyo kwawo alamu anagwira mkono wawo, akulankhula, akulira, iwo osatembenuka n'komwe.

Sindinaganize. Ndinadzambatuka n'kumenya denga ndi chikhatho changa chonse. Pha! Pha! Pha!

"Ndatsika! Chonde, ndatsika!"

Anthu anatembenuka kundiyang'ana. Mayi wa imvi anandiponyera diso pagalasi lake, analoza kabatani kofiira ndi chala chimodzi, n'kubweza maso kumsewu. Maso a achimwene ndi anga anakumana pawindo, kenako geti linatsalira m'mbuyo, sutikesi ikucheperachepera.

Basi inapitirira, kulunjika kumlatho.